Sefa yathu ya makala tisayambe taigulitsa

Awa ndi mawu omwe mnzathu wa m'komiti ya zaukhondo anayankhula pamsonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawaika momwe anatipatsira kuti amene munajomba muwerenge tisanavote.

Zikomo a wapampando, a mlembi, a madamu athu a patironi, ndi nonse amene mwabwera ngakhale dzuwa la kuno ku Chileka likuswa mtengo chonchi. Andipatsa mphindi zochepa, koma mundipirire ndikapyolako pang'ono, chifukwa zomwe ndinene ena sizikusangalatsani, makamaka a msungichuma. Mukudziwa kuti pali ganizo loti sefa yathu ya ndowa ija, ya mchenga ndi makala, tiyambe kupanga zambiri n'kumakagulitsa tsiku la msika ku Lirangwe ndi ku Lunzu kuti thumba la kalabu likwere. Ine ndinali woyamba kuvomereza. Lero ndaima pano kupempha kuti tidikire kaye, ndipo ndifotokoza chifukwa chake kuyambira pachiyambi.

Tonse tikukumbuka kolera ija. Inayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, kenako n'kufalikira maboma onse, ndipo inapha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri chifukwa cha matenda omwewo. Tisanapume n'komwe, mu Malichi kunabwera namondwe Freddy, zimbudzi zinagwa, zitsime zinadzaza matope. Kuyambira nthawi imeneyo kwathu madzi akumwa sitimwa osathira kolorini. Vuto linali limodzi: agogo anga amadana ndi fungo lake. Ankati madzi akununkha chipatala, ndipo ndinawapezapo kangapo akumwa a mumtsuko wawo wa kuchipinda, osathira kanthu.

Ndiye titapanga sefa ija ndinaona ngati ndapeza nzeru. Ndinkathira kolorini m'madzi a pachitsime, kudikira, kenako n'kuwadutsitsa m'sefa. Madzi ankatuluka oyera mbee, fungo lonse litatha. Agogo anayamba kumwa bwinobwino, mpaka kundiyamikira kwa anzawo kuti sukulu ya mwanayu sinapite pachabe. Ine kumva choncho mutu unakula, ndipo ndi pomwe ndinabwera kuno kudzanena kuti tigulitse.

Mwezi watha mlangizi wa zaumoyo wa kudera kwathu akuyendera makomo, ndinamuonetsa sefayo monyadira. Iye sanatsutse, anangotulutsa kabotolo kake ndi timapiritsi tija toyezera kolorini. Mukaponya kapiritsi m'madzi omwe muli kolorini, madzi amasanduka pinki. Anayeza a m'chigubu omwe ndinali ndisanasefe: pinki. Anayeza a m'ndowa yomwera, otuluka m'sefa: mbuu, ngati sanaponyemo kanthu. Kenako anandifunsa kuti, "Achimwene, ndowa iyi mumatungamo ndi chiyani?" Kapu yake inali pomwepo, pansi, mwana wa mlongo wanga akuseweretsa. Sindinayankhe.

Kolorini sitithira kuti aphe tizilombo ta nthawi yomweyo basi. Wina amayenera kutsalamo, pang'ono pokha, pakati pa 0.2 ndi 0.5 miligalamu pa lita, kuti akhale mlonda wa madzi aja maola otsatira, pomwe makapu ndi manja zikulowamo. Sefa yanga inkachotsa mlonda ameneyo. Ndinali ndikumwetsa banja lathu madzi okoma koma opanda chitetezo, ndipo ndinali pafupi kukagulitsa nzeru yomweyo kwa amayi a ku Lirangwe.

Zinandiwawa, komanso zinandipatsa funso. Khala ndi khala basi, lakuda, louma, silisungunuka m'madzi. Nanga kolorini limam'dya bwanji? Ku sekondale Chemistry ndinkaikonda, ngakhale labu yathu inali ya dzina lokha, ndiye ndinagula bando n'kuyamba kuwerenga. Zomwe ndinapeza ndi nthambi yonse ya sayansi yomwe anthu amatengera madigiri: momwe madzi kapena mpweya, poyenda m'timabowo tating'ono kwambiri, zimalamulira reaction, kutanthauza kusandulika kwa zinthu zikakumana.

Tiyambe ndi zomwe tikuzidziwa kale. Ndani pano sanaonepo amayi akucheza chidulo cha thelere? Amatenga chitini choboola kunsi, kuikamo phulusa, kuthira madzi pamwamba, n'kutchera mbale. Funsani mayi aliyense, akuuzani kuti mabowo akakula madzi amangodutsa n'kutuluka chidulo chosalowerera, thelere osafewa. Likadontha pang'onopang'ono, dontho ndi dontho, chidulo chimatuluka chaukali. Phulusa ndi lomwelo, madzi ndi omwewo. Chasintha ndi nthawi yomwe madzi akhala akukhudzana ndi phulusa. Owotcha makala nawonso amadziwa zimenezi, ngakhale sindikuwachemerera poona momwe mapiri ameteka. Akakwirira uvuni amasiya timipata towerengeka. Mpweya ukalowa wochepa pamatuluka makala, ukalowa wambiri m'mawa amapeza phulusa. Nkhuni zomwezo, moto womwewo, wolamula ndi mpweya wolowa.

Tsopano tilowe m'kati mwa khala. Mtengo ukadali moyo uli ndi timitsempha tomwe madzi amakwereramo kuchoka ku mizu. Ukapsa popanda mpweya wokwanira, timitsempha tija timatsala ngati timapanga, ndipo m'makoma mwa timapangato mumang'ambika tina tating'ono koposa. Muyezo wake ndi nanomita. Tengani rula, muone milimita imodzi, kampata kakang'onong'ono kaja. Kagaweni ka 1,000,000. Chidutswa chimodzi ndiye nanomita. Tsitsi la munthu kunenepa kwake ndi mananomita masauzande makumi angapo. Kachilombo ka kolera m'litali n'kamananomita pafupifupi 2,000. Molekyu imodzi ya madzi, kanthu kochepetsetsa komwe tingakatchebe madzi, siyifika ngakhale theka la nanomita, ili cha m'ma 0.3. Akatswiri anagawa timabowoti m'magulu: tosafika mananomita awiri, ta pakati pa 2 ndi 50, ndi toposa 50. Zinthu zodzaza ndi timabowo totere pa Chingerezi amati nanoporous.

Mwina mukuti, chabwino, n'tating'ono, ndiye? Pali zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kukula kwa khoma. Pali makala apadera otchedwa activated carbon, omwe akatha kuwotcha amawadutsitsanso nthunzi ya madzi pa moto wa madigiri 800 kapena kuposa, kuti timabowo totsekeka titseguke. Galamu imodzi ya makala amenewo, mutati muyale makoma a timabowo take onse pansi ngati mphasa, angakwane masikweya mita 1,000. Ndiye kuti masupuni atatu a tiyi akwanira kuyala bwalo losewerera la pa Kamuzu Stadium. Nditawerenga koyamba ndinaganiza kuti alakwitsa ziro. Makala athu a pambaula safika pamenepo, timabowo tawo tambiri n'totsekeka ndi phula la utsi, koma khoma alinalo ndithu, lokwanira kundichititsa manyazi pamaso pa mlangizi.

Chachiwiri ndi kupanikizika. Ganizirani chipaipi cha Blantyre Water Board chomwe chimachoka ku Walker's Ferry pa Shire, kudzera pa malo opopera madzi a kuno ku Chileka, kukwera mpaka m'tauni. M'chipaipi chimenecho madzi ambiri amayenda pakati, khoma osalikhudza n'komwe ulendo wonse. Koma m'kabowo ka nanomita imodzi mumangokwana mamolekyu a madzi atatu moyandikana. Palibe pakati pobisala. Chilichonse cholowamo chigunda khoma, kugundanso, kugundanso. Zili ngati pa rodibuloko ya pa Zalewa: msewu akaupanikiza ndi migolo, galimoto iliyonse imadutsa pamphuno pa wapolisi.

Ndipo pakhoma pamenepo ndi pomwe kolorini wanga ankathera. Sikuti ankakodwa ngati masamba a tiyi pa sefa ya tiyi, ayi, iye ndi wamng'ono kwambiri kuti akodwe. Akagunda khoma la khala pamachitika reaction: kolorini amalumako khala pang'ono, iye n'kusanduka chloride, yemwe timadya tsiku ndi tsiku mumchere wa m'ndiwo. Chloride sanunkha, komanso sapha kachilombo ngakhale kamodzi.

Apa ndi pomwe pali nkhani ya liwiro, ndipo mundimvetsere bwino chifukwa ndi mtima wa zonsezi. M'zaka za m'ma 1840 dokotala wina wa ku France, Jean Poiseuille, pofufuza momwe magazi amayendera m'mitsempha, anapeza kuti ukachepetsa kukula kwa kapaipi ndi theka, madzi odutsamo sachepa ndi theka, amachepa ka 16. Ndiye tangoganizani kabowo ka nanomita. Madzi sangathamangemo ngati mumpopi. M'sefa yathu muli njira za mitundu iwiri. Pali misewu ikuluikulu, mipata ya pakati pa zidutswa za makala, momwe madzi amayenda motsetsereka. Ndiye pali tinjira ta m'kati mwa chidutswa chilichonse, momwe kolorini amalowa mochita kusochera, uku ndi uku, ngati fungo la kanyenya momwe limakupezera uli kutali popanda mphepo. Kusochera kumeneko kumafuna nthawi. Madzi akathamanga mumsewu waukulu, kolorini amafika kunsi kwa ndowa asanapeze mpata wokhotera m'tinjira. Akachedwa, amakhota, kugunda khoma, n'kutha.

Sindinafune kungokhulupirira za pa foni, ndiye ine ndi anzathu awiri a m'komiti tinayesa. Tinatenga mabotolo atatu a malita awiri, kudula kunsi, kuwazondotsa, kuikamo kansalu ndi makala osinja ofanana kuchokera m'thumba limodzi. Chivindikiro choyamba tinaboola ndi msomali waukulu, chachiwiri ndi msomali waung'ono, chachitatu ndi singano yamoto. Madzi a kolorini anali a m'chigubu chimodzi. Mlangizi uja anatithandiza timapiritsi. Botolo la msomali waukulu linatulutsa madzi a pinki, wosasiyana kwenikweni ndi wa m'chigubu. Lachiwiri pinki wotuwa. La singano, lomwe tinalidikira mpaka kutopa, linatulutsa oyera. Makala omwewo, madzi omwewo. Tinalamula reaction ndi kukula kwa bowo basi, osawonjezera mankhwala alionse.

Chondiseketsa, koma chomvetsa chisoni, n'choti sefa ya kwathu ndinaikonza mwaluso kuti izidontha pang'onopang'ono, poganiza kuti ndiye isefa bwino. Inkasefadi bwino. Luso langa lomwelo ndi lomwe linkamaliza kolorini yense.

Nditazindikira zimenezi ndinayamba kuziona paliponse. Nthawi ya Covid-19, makamaka mu Januwale 2021 pomwe tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, mawu omwe anali pakamwa pa aliyense anali okosijeni. Ku Queen Elizabeth, a Malawi-Liverpool-Wellcome anamanga makina opangira okosijeni mu 2020, ndipo m'zipatala zambiri muli timakina tija tokhala ngati kafiriji kokoka, ma concentrator. Ine ndinkaganiza kuti muli mankhwala ena ake opanga mpweya. Mulibe. Muli timibulu ta chinthu chotchedwa zeolite. Mpweya womwe tikupuma pano, magawo 78 pa 100 ndi nitrogen, 21 okha ndi okosijeni. Makina amakankhira mpweya m'chitini cha zeolite, nitrogen amakakamira m'timabowo, okosijeni n'kudutsa. Pakangopita timasekondi chitini chija chimakhuta, makina amatembenukira ku chitini chachiwiri pomwe choyamba chikulavula nitrogen wake. Amene munadikirirapo wodwala mukukumbuka phokoso lija lokhala ngati makina akuusa moyo, ndi kusinthana kumeneko. Apa sipachitika reaction, n'kugwira ndi kutaya chabe, koma lamulo ndi lomwe lija. Makina opangidwira malita asanu pa mphindi amatulutsa okosijeni woposa magawo 90 pa 100. Mukawakakamiza kupitirira muyezo wake, mpweya utuluka wambiri koma wosungunuka, chifukwa nitrogen wadutsa osapeza nthawi yokhota.

Zeolite ameneyu ndi mwala. Anautcha dzinali ndi katswiri wa ku Sweden, Axel Cronstedt, mu 1756, ataona kuti akauwotcha umatulutsa nthunzi ngati ukuwira. Dzinalo m'Chigiriki likutanthauza mwala wowira. Kusiyana kwake ndi khala n'koti timabowo ta khala n'tosakanikirana, tina tatikulu tina tating'ono, pomwe ta zeolite n'tofanana ndendende ngati zisa za njuchi. Masiku ano ambiri amachita kupanga m'fakitale, kusankha kukula kwa bowo komwe akufuna.

Petulo yemwe timagonera pamzere uja, wobwera pa matanka kuchoka ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, gawo lalikulu anadutsapo m'timabowo timeneti. Mafuta okumba pansi ali ndi mamolekyu ataliatali, olemera, osayenera injini ya kabaza. Kuyambira zaka za m'ma 1960, m'malo oyengera mafuta amawaphatikiza ndi ufa wa zeolite wotentha kwambiri, n'kuwaulutsira m'chipaipi choimirira. M'timabowo mamolekyu aja amadulidwa kukhala aafupi, a petulo. Kukumana konseko kumatenga masekondi awiri, atatu, anayi basi. Akachedwetsa, kudula kumapitirira, petulo amasanduka gasi ndi mwaye wotseka timabowo. Akafulumiza kwambiri, mafuta amatuluka osadulidwa. Mainjiniya amalipidwa ndalama zambiri kuti asunge timasekondi timeneto.

Koma chitsanzo chomwe chinandigwira mtima ndi cha botolo la pulasitiki, lomwe lija timatolera kuti tigulitsiremo thobwa. Pulasitiki yake imachokera ku mankhwala otchedwa xylene. Xylene alipo wa mitundu itatu, ngati ana atatu a mimba imodzi: zomangira zofanana, kaimidwe kosiyana. Awiri ndi a mapewa otambalala, mmodzi, para-xylene, ndi wowongoka ngati nzimbe. Wa botolo ndi wowongokayo. Kampani ya Mobil ku America inapanga zeolite wotchedwa ZSM-5, yemwe timabowo take n'topitirira pang'ono theka la nanomita. M'kati mwa timabowoto atatu aja amasandulikasandulika, uyu kukhala uyo, uyo kukhala uyu. Koma potuluka, wowongoka amapulumuka msanga, mofulumira maulendo mazanamazana kuposa abale ake. A mapewa aja amakanirira m'kati mpaka nawonso atasanduka owongoka, ndi pomwe amatuluka. Palibe amene waima pakhomo kusankha. Khomo lenilenilo ndi lomwe lasankha chomwe fakitale ikolole. Ine pamenepa ndinaika foni pansi kaye.

Ndingotchulako mwachidule za chigubu chija cha pa ekizozi ya galimoto, catalytic converter, chomwe ena amachotsa n'kugulitsa. M'kati mwake muli chisa cha dothi lowotcha chopakidwa zinthu za timabowo, momwe mwamwazidwa platinum ndi zitsulo zina zodula. Utsi umadutsamo nthawi yosakwana sekondi, poizoni wa carbon monoxide n'kusanduka carbon dioxide. Ochotsawo amapeza ndalama ya tsiku limodzi, utsi n'kumapumira ife oyenda m'mbali mwa msewu.

Ndipo musaganize kuti ndi sayansi yakale yotha ntchito. Mu Okutobala 2025 mphoto ya Nobel ya Chemistry inapita kwa anthu atatu, Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi, chifukwa chopanga zinthu zatsopano za timabowo zotchedwa MOF, zomwe amamanga ngati mmisiri womanga nyumba, kusankha kukula kwa chipinda ndi chomwe chikhale pakhoma. Yaghi anabadwira ku Amman m'dziko la Jordan, m'banja la othawa kwawo, m'nyumba yomwe ankagona limodzi ndi ziweto, kudera komwe madzi ankabwera patapita masiku ambiri. Gulu lake linapanga MOF yemwe usiku amayamwa chinyezi mumpweya wa m'chipululu, dzuwa likatuluka n'kulavula madzi akumwa. Sindikunena kuti mawa ndikatenga Nobel, a mlembi musaseke. Ndikungoti munthu amene anakula akudikira madzi ngati ife ndi amene anafunsa funsolo. Kwathu konkuno, ofufuza a ku Chancellor College anayesapo dothi la bauxite la ku phiri la Mulanje pochotsa fluoride m'madzi a m'mijigo, mchere uja umene ukachuluka umafiiritsa mano a ana. Nawonso nkhani yawo inali ya nthawi yomwe madzi akhudzana ndi dothilo.

Tibwerere ku ndowa yathu. Pali sefa ina yomwe ndikufuna tiphunzireko khalidwe, ya mphika wadothi. Anaiyambitsa Fernando Mazariegos ku Guatemala mu 1981, ndipo bungwe la Potters for Peace linaifalitsa pambuyo pa namondwe Mitch mu 1998. Amasakaniza dothi ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga, kuumba mphika, n'kuwotcha. Utuchi umapsa n'kusiya timabowo. N'chimodzimodzi mtsuko wa agogo womwe umachita thukuta kunja n'kuziziritsa madzi, kungoti apa thukuta lachuluka mpaka kudontha. Timabowo take si ta nanomita imodzi ayi, n'tokulirapo, koma timagwira mabakiteriya ambiri, ndipo amapakamo siliva kuti aphe otsala. Chomwe chinandikhudza ndi ichi: mphika uliwonse asanaugulitse amaudzaza madzi n'kuyeza kuti pa ola limodzi wadontha angati. Amafuna lita imodzi kufika awiri kapena atatu. Wodontha mochedwa kwambiri sagulitsa, chifukwa mayi wa ana asanu atopa nawo n'kubwerera ku madzi osasefa. Wodontha msanga sagulitsanso, chifukwa ndiye kuti muli mng'alu kapena mabowo aakulu, ndipo madzi, monga mukudziwa, amakonda njira yachidule. Mng'alu umodzi wosaoneka ndi maso ukwanira kuti timabowo tonse tija tikhale topanda ntchito. Miphika yolephera amaiphwanya ngakhale ioneke yokongola.

Ife sefa zathu zisanu zomwe tapanga, ndani anayezapo kuti zimatulutsa malita angati pa ola? Ine sindinayezepo. Ina mchenga wake ndi wa ku Lunzu, ina wa kumtsinje wa kwathu, makala ena osinja kwambiri ena ongophwanya. Chilichonse chili ndi liwiro lakelake, ndiye kuti chilichonse chikuchita zakezake. Tikanagulitsa, wina akanagula yochotsa kolorini yense, wina yongodutsitsa madzi, onse atalipira mtengo umodzi ndi kumva lonjezo limodzi kuchokera pakamwa pathu.

Palinso china chomwe sitinachiganizire. Makala amakhuta. Khoma lija likadzaza zonyansa sililandiranso, ndipo kunja simungaone kusiyana, khala lokhuta ndi lakuda ngati latsopano. Choipa kwambiri, m'makala onyowa momwe kolorini watha ndi malo abwino oti mabakiteriya aswane. Sefa yosasamalidwa imatha kutulutsa madzi oipa kuposa omwe munathira. Ndipo tisanamizane, mchenga ndi makala a m'ndowa sizingatsekereze mavairasi. Rotavirus, yemwe amatsegula m'mimba ana aang'ono, ndi wa mananomita pafupifupi 70. M'mipata ya pakati pa mchenga amadutsa ngati mbuzi pa geti la sukulu.

Sindikuti sefa yathu ndi yachabe. Imachotsa matope, ndipo zimenezo n'zofunika kwambiri, chifukwa madzi a matope amadya kolorini asanagwire ntchito, tizilombo n'kubisala m'timadothi. Cholakwika chinali ndondomeko. Ine ndinkayamba ndi kolorini n'kumalizira sefa. Zoyenera n'kutembenuza: kusefa kaye, kenako kuthira kolorini kapena WaterGuard pa muyezo womwe alangizi amanena, kudikira mphindi 30, n'kusunga m'ndowa yovindikira ya kampopi kuti kapu isalowemo. Ndi momwenso amachitira ku malo oyeretsera madzi a m'mipopi: kudikha, kusefa mumchenga, kolorini kumapeto. Kwathu tatembenuza, ndipo fungo lachepa ndithu, chifukwa madzi oyera safuna kolorini wambiri ngati a matope. Agogo akudandaulabe, koma akumwa. Mtsuko wa kuchipinda uja ndinaupempha kuti ndidzalemo maluwa, anandikaniza, nkhani imeneyo ikadali kukhoti.

A msungichuma anandifunsa panja kuti, nanga ndalama zomwe tagulira ndowa khumi zija? Funso labwino, ndipo ine ndi amene ndinakakamiza kuti tigule, ndiye sindithawa. Pempho langa ndi ili. Tipatseni komiti masabata asanu ndi limodzi. Tisefe mchenga ndi makala pa sefa ya ufa imodzi kuti zidutswa zifanane. Makala tiwotche a zitsononkho m'mgolo, tisagule a mitengo, kalabu yomwe imadzala mitengo mu Januwale isamapezeke ikulimbikitsa uvuni mu Juni. Sefa iliyonse tiziyeza ndi botolo la lita imodzi ndi wotchi ya pa foni, n'kulemba m'kope, sabata ndi sabata, kuti tione liwiro likamasintha. Tipemphe a zaumoyo atiyezere madzi olowa ndi otuluka, osati kolorini yekha komanso tizilombo, ngati zida zilipo. Ndipo ngati tidzagulitse, pa ndowa iliyonse palembedwe ndi penti, m'Chichewa, zilembo zazikulu: SEFANI KAYE, KOLORINI PAMBUYO. Wogula tizimuuza m'maso muli gwa kuti ndowa iyi imachotsa matope, siyipha kolera.

Zikakanika, ndowa khumi zija tiziike timipopi n'kuzigulitsa ngati zosungira madzi akumwa. Phindu lichepa, koma ndalama ibwerera.

Mabotolo atatu aja ndabwera nawo, ali pakhonde, ndipo timapiritsi tatsala tiwiri. Amene akufuna kuona ndi maso ake atsale tikatseka ndi pemphero. Ndikufunanso munthu mmodzi wa foni ya batire yodzaza kuti atigwirire nthawi, yanga yatsala pang'ono kuzima.